Musagule Njinga ndi Maso Okha

  Lero tikambirana nkhani ya pansi pompano, nkhani ya njinga yakapalasa. Wina anena kuti, “Abusa, njinganso pa wailesi?” Inde, njinga. Munthu amene amafika ku ntchito mochedwa tsiku ndi tsiku, kapena amene malipiro ake akuthera m'manja mwa kondakitala, amapita ku tchalitchi mtima uli kwina.

Kuyambira pamene ndalama ya kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa mafuta ndi wa minibasi sunabwererenso pomwe unali. Mafuta akasowa, mwaona nokha anthu akuyenda pansi mumsewu wa Masauko Chipembere, ena kuchokera ku Limbe mpaka m'tauni. Nchifukwa chake ambiri mwayamba kuganiza zogula njinga, ndipo poti yatsopano yakwera mtengo, mukufuna yogwirapo kale ntchito. Ganizo limenelo ndi labwino. Koma ndimvetseni bwino: njinga yotchipa ikhoza kukudyerani ndalama kuposa minibasi, ikhoza kukugonetsani ku Queens, ikhozanso kukulowetsani m'chitokosi cha apolisi.

Choyamba, khalani pansi muwerengere. Pa Luka 14 Ambuye Yesu anapereka chitsanzo cha munthu wofuna kumanga nsanja, kuti ayambe waona ngati ndalama zake zifika kumapeto. Inunso tengani pepala. Lembani ndalama ya minibasi yopita ndi yobwera pa tsiku limodzi. Ngati mumagwira ntchito mpaka Loweruka, chulukitsani ka 26. Imeneyo ndi ya mwezi umodzi. Tsopano onani kuti njinga imene mukufunayo ibweza ndalama yake pa miyezi ingati. Ndipo musapereke zonse kwa wogulitsa. Siyani ina pambali yogulira loko, pampu, machubu, nyale ndi yolipira wokonza njinga, chifukwa njinga yakale siilephera kukhala ndi kena kofuna kusintha.

Chachiwiri, dziwani njira yanu. Blantyre si Nsanje kapena Nchalo kumene dziko linagona chathyathyathya. Kuno ndi mapiri: la Ndirande uko, la Soche uko, la Michiru uko, la Bangwe uko. Amene atsetsereka m'mawa ndiye adzakwera chitunda madzulo atatopa kale. Njinga zija zakuda zopanda magiya, monga Hero kapena Phoenix, ndi zolimba, zimanyamula thumba la chimanga, ndipo zipangizo zake zimapezeka msanga. Koma kwa woyamba kumene, pa chitunda amatsika n'kuyamba kukankha. Njinga za magiya, zimene timati mountain bike, zimakwera chitunda mosavuta, koma magiya akatha kapena akapindika, kukonza kwake kumafuna ndalama. Funsani kaye kwa ogulitsa zipangizo mumsika wa Limbe kapena wa Ndirande ngati matayala ndi machubu a njinga imeneyo ali nawo. Matayala a saizi 26 ndi 28 ndi odziwika kuno. Musagule njinga yokongola imene tayala lake likaphulika ikhala m'chipinda miyezi itatu.

Chachitatu, iyeseni. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Penti yatsopano isakunamizeni. Penti imabisa ming'alu. Pitani masana, dzuwa likuwala, ndipo ngati njinga simuidziwa, tengani mnzanu wa kabaza kapena wokonza njinga amene mumamukhulupirira. Mumpatse kangachepe, akupulumutsani zambiri.

Yambani ndi felemu. Yang'anani paliponse pamene zitsulo zakumana. Mukaona mng'alu, kapena pamene anawotcherera mwachisawawa, isiyeni. Imani kutsogolo muone foloko. Ngati yapindikira m'mbuyo, njinga imeneyo inawombapo chinthu. Nyamulani tayala, mulizungulitse. Likamayenda chogwedezeka ngati munthu woledzera, limu inapindika kapena masipoko ndi odukaduka. Gwirani tayala muligwedeze cham'mbali. Gwirani mapedulo muchite chimodzimodzi. Mukamva khokhokho, mabelingi atha. Kokani tcheni kutsogolo kuja; ikamanyamuka mpaka mano kuonekera, yafutukuka, ndipo mano akasongoka ngati minga, zonse ziwiri zikufuna kusintha.

Tsono mabuleki. Abale anga, apa ndimvereni. Mu mzinda uno mabuleki ndi moyo wanu. Kwerani njingayo, muyende nayo, mugwire buleki ya kutsogolo payokha, ya kumbuyo payokha. Wogulitsa akati, “Aa, bwana, imeneyo ndi nkhani yaing'ono, mukangomangitsa,” muuzeni amangitse iyeyo inu mukuona. Kumbukiraninso kuti mvula ikagwa, kapena chiperoni chikamawaza mu June ndi July, limu yachitsulo imaterera ndipo buleki imachedwa kugwira. Onaninso msinkhu. Mukaima pansi njinga ili pakati pa miyendo, chitsulo chisakukhudzeni. Mukakhala pa chishalo, pedulo ili pansi, mwendo ukhale wowongoka pafupifupi wonse. Alongo amene mumavala chitenje kapena siketi yaitali, funani njinga yopanda chitsulo chapamwamba, yokhala ndi chotchingira tcheni.

Chachinayi, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yanga: njingayo yachokera kuti? Munthu akakupezani pa Wenela kapena pa Ginnery Corner, maso ali uku ndi uku, akukuuzani mtengo wa theka, akuti “fulumirani, ndili pa ulendo,” mtima wanu ukudziwa kale chimene chikuchitika. Musanene kuti Mulungu wanditsegulira khomo. Ayi! Mulungu satsegula khomo lanu pothyola la mnzanu. Njinga imeneyo mwina ndi ya mlonda amene anasunga ndalama chaka chathunthu, mwina ndi ya wa kabaza amene ana ake agona ndi njala usiku uno. Akuba amaba chifukwa ogula alipo. Ndipo malamulo a dziko lino amati kulandira katundu wakuba ndi mlandu. Apolisi akaipeza m'manja mwanu, njinga ipita, ndalama yapita, inunso mukayankha.

Ndiye chitani chonchi. Tembenuzani njinga, muyang'ane kunsi, pamene pamazungulira mapedulo. Njinga zambiri zili ndi nambala yodindidwa pamenepo, zina pansi pa chishalo. Ngati nambalayo inapalidwa, tembenukani muzipita. Funsani lisiti. Ngati palibe, wogulitsa akusonyezeni chiphaso chake cha unzika ndi kumene akukhala. Lemberanani kalata: tsiku, mtengo, mtundu wa njinga, nambala ija, maina anu nonse, ndi mboni ziwiri. Munthu woona mtima sakana kulemba dzina lake. Safunsa anadya phula.

Mawu awiri kwa inu ogulitsa, poti enanu muli mumpingo momwemo. Ngati felemu inathyokapo, nenani. Ngati magiya amadumpha, nenani. Buku la Miyambo limadzudzula sikelo yonyenga, limadzudzulanso wogula amene amanyoza katundu kuti mtengo utsike, kenako n'kukadzitama kunyumba. Onse awiri akhudzidwa. Nenererani, inde, koma musaname. Amen?

Chomaliza, inu oyamba kumene, musagule Loweruka n'kulowa mu Chipembere Lolemba m'mawa. Phunzirani kaye pa bwalo la mpira, mpaka muzitha kutulutsa dzanja limodzi posonyeza kokhotera, ndi kucheuka njinga osakhota. Kenako Lamulungu masana, mapemphero atatha, magalimoto ali ochepa, yendani njira yonse ya ku ntchito, muone nthawi imene ikutenga ndi pamene pali maenje. Yendani kumanzere, mbali imodzi ndi magalimoto, osati moyang'anizana nawo. Minibasi imaima paliponse ikaona munthu, choncho musaitsatire pafupi. Musadzipanikize m'mbali mwa lole ikamakhota. Pa raundabauti ya Clock Tower kapena ya Chichiri, ngati mtima ukugunda, tsikani mukankhe. Palibe manyazi pamenepo. M'miyezi yozizira mdima umagwa anthu akungoweruka kumene, ndiye khalani ndi nyale yoyera kutsogolo, chonyezimira chofiira kumbuyo, ndi chovala chowala. Valani chipewa choteteza mutu. Mukafika, mangani felemu ku chitsulo cholimba, osati tayala lokha. Masiku oyamba miyendo iwawa. Yambani ndi masiku awiri kapena atatu pa sabata. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Tiyeni tipemphere. Atate wathu, tikupereka m'manja mwanu onse amene amadzuka m'bandakucha kukasaka chakudya cha ana awo. Apatseni nzeru pogula, mtima woona pogulitsa, ndi maso pamsewu. Atetezeni potuluka, muwabweretsenso kunyumba ali amoyo. M'dzina la Yesu Khristu, Amen. Tikumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi. Tsalani ndi mtendere.