Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potsegulira Chionetsero cha Zojambula ku Mua



Akuluakulu muli pano simunaiwale zaka za nkhondo ya ku Mozambique. Kumtunda uku, pamwamba pa Khwekhwelele, abale athu a ku Angonia ankawoloka malire kulowa Dedza ndi Ntcheu, mwana kumbuyo, mphika pamutu. Pomwe mtendere unkasainidwa ku Rome mu 1992, Malawi anali atasunga othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi. Ambiri anali ana.

Mwana wothawa nkhondo sanyamula katundu. Amanyamula zimene maso ake anaona: nkhokwe ikupsa, mbuzi zotsala m'khola, nkhope ya agogo amene analephera kuyenda. Akakula n'kugwira burashi, zimenezo ndi zimene zimatuluka.

Ndikupatseni chitsanzo. Arshile Gorky, mwana wa Chiarmenia, anathawa kwawo ku Van mu 1915. Mayi ake anafa ndi njala mu 1919, iye akuona. Atafika ku America mu 1920 anadzakhala katswiri wojambula, koma anatha zaka pafupifupi khumi akujambula chithunzi chimodzi, cha iye ndi mayi akewo, potengera foto yakale. Nkhope ya mayi inatuluka bwinobwino, koma manja anangotsala mbuu, osamalizika. Mwana amene sanatsanzikane bwino ndi mayi ake angamalize bwanji manja amene ankamulera?

N'chifukwa chake ndikupempha ife ogula: tisamangofuna mabwato ndi dzuwa lotuluka pa nyanja. Wojambula akatipatsa chithunzi chowawa, tisamufunse kuti bwanji sanajambule maluwa. Tiime, tiyang'ane, tigule. Inunso aphunzitsi, mwana wa zii m'kalasi amene amangolembalemba pansi ndi khala, musamukalipire. Mwina akunena zimene pakamwa pakukanika.

Pamalo pano Bambo Claude Boucher, a Chisale, anayambitsa likulu la zachikhalidwe ndi zojambula la Kungoni mu 1976 kuti mbiri yathu isafere m'mitima ya okalamba. Mbiri ya kuthawa nayonso ndi yathu, ndipo sinathe: ku Dzaleka, ku Dowa, ana akukulira m'kampu kuyambira 1994. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Ana amenewa tiwaitane kuno, tiwapatse penti ndi khoma, atimete nako.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti chionetserochi chatsegulidwa.