Lupanga la Mkango ndi Mtima wa Msilikali



Poti lero tavala za makolo, ndiloleni ndikutengereni kutsidya la nyanja, ku chilumba cha Sri Lanka, chimene kale chinkatchedwa Ceylon. Si dziko lachilendo kwenikweni kwa ife, pakuti agogo athu ena a King's African Rifles anaima kumeneko asanapite kunkhondo ya ku Burma mu 1944.

Apwitikizi atakhazikika m'mbali mwa chilumbacho, analemba ntchito asilikali a mtundu wa Sinhala, amene ankatchedwa lascarin. Adatchi, amene analanda Colombo mu 1656, anapitiriza mwambowo, ndipo Angerezi anaupeza mu 1796. Msilikali wamba ankanyamula mkondo, uta kapena mfuti, ndipo pamwamba pake panali Arachchi, Muhandiram ndi Mudaliyar.

Udindo wa munthu unkaoneka pathupi pake. Mudaliyar ankavala jekete lalitali la mabatani onyezimira, tsitsi atalimanga mfundo kunkhongo, pamutu atazika chipeso chopindika cha chigoba cha kamba wa m'nyanja. Ena ankalandira mendulo ndi unyolo wagolide kuchokera kwa bwanamkubwa. Choposa zonse chinali kastane, lupanga lalifupi lokhota, lomwe chogwirira chake chinkasemedwa ngati mutu wa mkango, chizindikiro cha mtundu wawo. Pa malupanga ena panadindidwa zilembo za VOC, kampani ya Adatchi. Taonani, mkango wa makolo kuchigwiriro, dzina la mlendo kuchitsulo, zonse m'dzanja la munthu mmodzi.

Atsamunda ankayesa kuti amene wam'veka ndi wako. Koma akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 1630, pankhondo ya ku Randeniwela, atsogoleri a asilikaliwa anatembenuka ndi anthu awo n'kulowa mbali ya ufumu wa Kandy. Mkulu wa Apwitikizi, Constantino de Sá de Noronha, anafera pomwepo pamodzi ndi gulu lake. Ulemu umene anawapatsa sunagule mitima yawo.

Patapita zaka zambiri, Sir Solomon Dias Bandaranaike anakhala Maha Mudaliyar, mkulu wa onse pansi pa Angerezi. Mwana wake, S.W.R.D. Bandaranaike, amene anakhala nduna yaikulu mu 1956, anasankha kuima pamaso pa anthu atavala nsalu yoyera ndi malaya oyera a kwawo.

Tsono, abale anga, pamene tikusunga zovala za makolo, tisunge ndi mbiri yake yomwe. Mdzukulu akaloza mendulo ya agogo ake, kapena mkanjo wa mfumu, tim'fotokozere amene anapereka, chimene ankafuna popereka, ndi chimene wovalayo anasunga mumtima. Tikabisa zimenezi, tidzawasiyira nsalu ndi chitsulo chabe.