Mmisiri Asagwire Thangata

Abale ndi alongo, takumana pano chifukwa cha amisiri athu omanga nyumba. Munthu apangana pakamwa ndi mwini nyumba, namanga kufikira denga; pofunsa malipiro ake, ayankhidwa kuti, "Kalata yake ili kuti?" Kodi imeneyi si thangata? Ntchito ya thangata m'minda ya azungu idathetsedwa mu 1962; tisailole kubwerera m'midzi mwathu.

Tidziwe ichi: ngakhale bwalo litapeza kuti panganolo silingagwire, lili ndi mphamvu yolamula mwini nyumba kulipira mtengo woyenera ntchito imene iye adaipempha nailandira. Koma bwalo lifuna umboni. Choncho tiyambe kwa anyakwawa, titatenga amene adamva pangano ndi amene adaponda matope. Tiwerenge masiku, mizere ya njerwa, ndi ndalama zimene tidalandirako, pakuti wolipirako pang'ono wavomera kuti pangano lidalipo. Zikakanika, tipite kwa majisitireti zisanathe zaka 6, popeza zikapitirira lamulo litseka khomo.

Ndipo kuyambira lero, tisanakumbe maziko, tilembe mtengo papepala, mboni ziwiri zisaine. Fodya ndi uyo ali pamphuno; wa pachala ngwa mphepo.