NTHAMBO ZIWIRI ZIGONJETSA PHOKOSO



Inu mudziwa kuti m'nyengo ya dzinja, mphezi ikang'anima, wailesi ichita phokoso ndipo mau samveka bwino. Phokoso lotere lilowanso m'nthambo za makina ndi kusokoneza mauthenga. Lero tikambe za m'mene akatswiri analigonjetsera.

Kale uthenga wa m'makina unali kuyenda pa nthambo imodzi ndi mphamvu ya mavoti 5, monga munthu wofuula pamsika kuti amveke. Koma kufuula kutopetsa. Batire litha msanga, makina atentha, ndipo uthenga sungathamange.

M'chaka cha 1994 kampani ya National Semiconductor ya ku America inatulutsa njira yotchedwa LVDS. M'njira imeneyi uthenga uyenda pa nthambo ziwiri zoyandikana. Mphamvu ikakwera pa ina, pa inzake itsika. Makina olandira sayesa kukula kwa mphamvuyo, ayesa kusiyana kwa nthambo ziwirizo basi.

Taganizani sikelo ya mbale ziwiri. Mukathira mtedza m'mbale imodzi, sikelo ipendekera komweko. Mvula ikagwa, igwera mbale zonse ziwiri mofanana, ndipo sikelo ipendekerabe kumene kuli mtedza. Phokoso liri ngati mvulayo. Ligwera nthambo zonse ziwiri mofanana, motero silisintha uthenga.

Chifukwa chake kunong'ona kukwanira. Mphamvu yake ndi mavoti 0.35 okha, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 14 a mphamvu yakale ija, koma itumiza zizindikiro mamiliyoni mazanamazana pa sekondi imodzi.

Tsono izi zikukhudzani bwanji? Mwaona kompyuta yopinda ngati buku, imene alangizi kapena aphunzitsi anyamula. Chithunzi chake chifika pagalasi kudzera m'nthambo ziwiriziwiri zotere, zimene zidutsa pamahinjesi. Potsegula ndi potseka tsiku ndi tsiku, nthambozo zitha kuperepeseka. Ngati chithunzi chithimathima mukagwedeza chivundikiro, kawirikawiri vuto liri m'nthambo, osati m'galasi.

Musaitaye kompyutayo, ndipo musalole mwana alumikize ndi waya wamba, pakuti nthambo ziwirizo ziyenera kufanana utali ndi kuyenda limodzi. Pitani nayo kwa mmisiri aikemo nthambo yoyenera. Mtengo wake uchepa kutali ndi wa kompyuta yatsopano.

Mafumu, kauzeni anthu anu mau awa, kuti chuma cha kalabu ndi cha sukulu chisaonongeke chabe. Tsalani bwino.