Madontho a pa Galafu ndi Chimanga cha ku Balaka



Ndikufuna ndikukumbutseni phunziro limene ambirife tinkaodzera nalo m'kalasi ya masamu: galafu ya madontho, ija aphunzitsi ankati scatter plot. Mumajambula mzere wogona ndi wina woimirira. Wogonawo ukhale feteleza amene alimi athira, woimirirawo ukhale matumba a chimanga amene akolola, ndipo chaka chilichonse chikhale kadontho kamodzi. Madontho akamakwera cha ku dzanja lamanja, ndiye kuti zinthu ziwirizo zikuyendera limodzi. Nambala ya r, imene Karl Pearson wa ku England anaikhazikitsa m'zaka za m'ma 1890, imayeza kuyendera limodziko. Imayambira pa -1 kukafika pa 1, ndipo ikakhala pafupi ndi 0 ndiye kuti madontho sakutsata mzere wowongoka.

Pa mayeso zinkathera pomwepo. Ku ntchito za boma ndi pamene zimayambira.

Mukukumbuka kuti mvula ya 2004/05 inadula msanga ndipo kunagwa njala. Nyengo yotsatira boma la Dr Bingu wa Mutharika linayamba kugawa makuponi a feteleza, ndipo zokolola zinakweradi. Mukajambula zaka zimenezo, madontho amakwera mokoma. Koma taonani, abale, m'zaka zomwezo mvula nayo inagwa bwino. Tsono chimanga chija tithokoze feteleza kapena mvula? Galafu siingayankhe. Iyo imangoonetsa kuti awiriwa anafikira limodzi, siinena kuti anatsogolera mnzake ndani. Sindikunyoza feteleza ayi, ine ndemwe ndimathira m'munda mwa mayi anga. Ndikungoti ndalama za misonkho yathu zimagawidwa potengera magalafu otere, choncho wowerenga azifunsa ngati palibe chachitatu chimene chabisala kumbuyo.

Ndiulule cholakwa changa. Nthawi ina ndikukonza lipoti, dontho limodzi linagwera pansi kwambiri, kutali ndi anzake. Linkandionongera mzere, ndipo ndinafuna kulifufuta ngati cholembedwa molakwika. Bambo wina wachikulire wa mu ofesi yathu, amene sanapiteko n'komwe ku yunivesite, anasuzumira nati, "Achimwene, chimenecho ndi chaka chiti?" Chinali 2015/16, chaka cha El Niño. Makuponi anagawidwa, feteleza anathiridwa, koma ku Balaka chimanga chinapserera m'munda. Dontho limene ndinkafuna kutaya ndilo linali ndi nkhani yaikulu kuposa onse, yakuti kudera la ng'amba ngati lathu lino feteleza wopanda chinyezi ndi ndalama zotayika. Ndinachita manyazi, digiri ili m'thumba.

Palinso msampha wina. Pa mzere wogona ikanipo mvula m'malo mwa feteleza. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola minda m'chigawo cha kumwera. Chaka chotsatira, mu Malichi 2024, boma linalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28, Machinga ndi Balaka ali momwemo. Chaka china madzi ochuluka, china ochepa, koma zokolola zonse pansi. Madontho otere amakwera kenaka n'kutsika, ngati phiri la Chikala. Mukawerengera r ingathe kutuluka pafupi ndi 0, ndipo munthu wongodalira kompyuta anganene kuti mvula ilibe gawo pa chimanga, zimene agogo aliyense wa ku Ntaja kapena ku Ulongwe angaziseke. N'chifukwa chake kwa anyamata ndi atsikana amene ndimagwira nawo ntchito ndimati ayambe ajambula, ayang'ane ndi maso, kuwerengera kubwere pambuyo.

Pempho langa, a Wapampando, ndi ili: pa ndalama zimene tasonkha chaka chino, tipatuleko zogulira choyezera mvula ndi mapepala a galafu. Ana a Folomu 3 azilemba mvula ya tsiku ndi tsiku, aziyezanso zokolola za m'munda wa sukulu, kuti pofika mayeso a MSCE akhale atajambulapo madontho awoawo. Mapepala a chaka choyamba ndigula ndine.