Cipata ca Selo ndi Alonda Ace

Mau olankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi ku Chipata

Ine ndine mwana pakati panu, koma popeza mwandipatsa mpata ndifuna kukamba za phunziro limene timalidula pakati. Timauza ana kuti thupi linamangidwa ndi maselo monga nyumba ndi njerwa, ndi kuti selo limodzi ligawika kukhala awiri, ndipo tilekera pomwepo. Koma mwana wocenjera angafunse kuti, kodi selo lidziwa bwanji nthawi yace? Nanga bala likapola, mnofu ulekeranji kukula?

Yankho liri m'mapuloteni ena ochedwa kinase. Nchito yao ndiyo kutenga kanthu kochedwa fosifeti, dzina limene muliona pa matumba a feteleza, ndi kukamata pa puloteni inzao. Yomatidwayo isintha maumbidwe ace, ndipo kapena iyamba nchito kapena ileka. Edmond Fischer ndi Edwin Krebs ndiwo anaonetsa njira imeneyi ku Seattle m'zaka za m'ma 1950. M'thupi la munthu muli mitundu ya kinase yoposa 500, koma imene iyendetsa kugawika kwa selo ndi yowerengeka, ndipo ichedwa CDK.

Selo la munthu lisanagawike liyenera kuyamba lakula, pambuyo pace likope makromozomu ace onse 46, ndipo potsiriza liwagawe molingana. CDK ndiyo ilola gawo liri lonse kuyamba. Koma payokha iri ngati khasu lopanda mpini. Mpini wace ndi puloteni ina, dzina lace cyclin, imene Tim Hunt anaipeza mu 1982 m'mazira a kanyama kaminga ka m'nyanja ya mcere. Cyclin ipangidwa pang'ono-pang'ono, igwirana ndi CDK, ndipo nchito ikatha selo liiphwanya. Kucuruka ndi kucepa kwace ndiko kusunga nthawi.

Apa pali kanthu kondikondweretsa ine, ngakhale akulu a mpingo angandiyang'ane ndi diso lofiira. Zambiri za CDK zinadziwika cifukwa ca mowa wa maere. Mu 1893 Paul Lindner wa ku Germany anafotokoza yisiti yotengedwa m'mowa wa kum'mawa kwa Africa, naicha pombe, ndiko kunena mowa m'Ciswahili. M'yisiti yomweyo Paul Nurse anapeza CDK imene iuza selo kuti tsopano gawika, ndipo mu 1987 iye ndi Melanie Lee anaonetsa kuti munthu ali nayo yofanana, yokhoza kugwira nchito m'selo la yisiti. Nurse, Hunt ndi Leland Hartwell analandira mphoto ya Nobel mu 2001.

Tsono mau akuti cipata tiwadziwa tonse, pakuti ndilo dzina la mzinda wathu. Selo nalonso liri naco cipata, lisanayambe kukopa makromozomu, ndipo cotsekera cace ndi puloteni yochedwa Rb. Thupi likafuna maselo atsopano, CDK imata fosifeti pa Rb, cipata nicitseguka. Bala likapola mthenga uleka kufika, cyclin icepa, ndipo cipata citsekekanso. Palinso mlonda wina, p53, amene aletsa CDK pamene makromozomu aonongeka, kufikira akonzedwa.

Ndipempha mundimvetse bwino pa cimene citsatira, cifukwa cikhudza atsikana a m'makalasi mwathu. Kansa ya khomo la ciberekero, imene itha amai ambiri m'Zambia, iyamba ndi kacirombo ka HPV, kopatsirana pokhala pamodzi mwamuna ndi mkazi. Harald zur Hausen ndiye anaonetsa zimenezi, nalandira mphoto ya Nobel mu 2008. Kacirombo aka kapanga mapuloteni awiri, E7 yoononga Rb ndi E6 yoononga p53. Cotero cipata cikhala pululu, ndipo selo ligawika osadikira cilolezo ca CDK. Mwa anthu ambiri thupi likacotsa lokha kacirombo. Mwa ena kakhalitsa, ndipo kansa ioneka patapita zaka khumi kapena makumi awiri, mtsikana uja ali mai wa ana. Pamenepo ulendo wace ndi wa ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, makilomita oposa 500 pa mseu wa Great East, ndipo inu mudziwa ndi mabanja angati a kumidzi kwathu angathe ulendo wotere.

Mu 2019 boma linayamba kupereka katemera wa HPV m'dziko lonse kwa atsikana a zaka 14, makamaka kupyolera m'sukulu. Makolo ena abisa ana ao tsiku limene anamwino afika, poopa kuti katemerayo aletsa kubala, ndipo afunsa cifukwa cace abaya ana osadwala. Funso limeneli lifika kwa ife poyamba, tisalinyoze. Tiwauze kuti katemera saciza munthu amene kacirombo kanamlowa kale. Aphunzitsa thupi kukagwira kasanalowe m'selo, ndipo ncifukwa cace aperekedwa msanga. Amai a anawo tiwauze kuti iwo njira yao ndiyo kukapimidwa ku cipatala, kumene anamwino apaka viniga pa khomo la ciberekero, ndipo malo amene maselo ayamba kusokera aoneka oyera, nacizidwa asanasanduke kansa.