KUDYANSO PAMBUYO PA CHITHANDIZO CHA KHANSA YA KUM'MERO

Kwathu kuno munthu amene sanadye nsima timati wagona ndi njala. Tsono wodwala akabwerako ku chipatala koma nsima ikumukanikabe, abale amataya mtima namanena kuti, "Sakudya." Mawu amenewa afooketsa odwala ambiri amene akadatha kudya bwino ndithu, chakudyacho chikadangokonzedwa mwa njira ina.

Dziko la Malaŵi lili m'gulu la mayiko amene khansa ya kum'mero yafala kwambiri pa dziko lonse lapansi. Nthendayi imachepetsa njira yodzera chakudya: poyamba nsima ndi nyama zimaima pachifuwa, kenaka phala, potsiriza ngakhale madzi. Odwala a kuno ku Salima amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Ena amaikidwa kapaipi kamawaya m'kati mwa m'mero kuti njira itseguke, ena amalandira mankhwala a m'dripi, ndipo kuyambira chaka cha 2024 chithandizo chowotcha khansa ndi makina chinayamba kupezeka m'dziko mwathu momwe muno.

Inu amene mwaikidwa kapaipi, dziwani kuti kapaipiko sikakankha chakudya monga umachitira m'mero wamoyo. Chakudya chimatsika chokha. Chifukwa chake idyani mutakhala tsonga, ndipo musagone mpaka patapita ola limodzi kapena awiri. Usiku gonani motsamira, pakuti mukagona chathyathyathya zam'mimba zimabwerera ndi kukuwotchani pachifuwa.

Yambani ndi zamadzimadzi: msuzi, mkaka, thobwa losefa. Zikamatsika bwino, bwerani pa phala. Koma phala la ufa woyera lokha lilibe mphamvu yobwezera thupi. Thiranimo nsinjiro, dzira, mkaka kapena supuni ya mafuta ophikira. Mpunga wa ku Lifuwu wophikidwa mpaka kusungunuka upanga phala labwino zedi. Maungu, mbatata, nthochi zakupsa, papaya ndi mapeyala, zonsezi muziponde kufikira zitasalala. Musadikire nthawi ya nkhomaliro ndi mgonero ayi. Idyani pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, mukumwera madzi pakati pa chakudya ndi pomaliza kuti kapaipi katsukike.

Ife a m'mphepete mwa nyanja tili ndi mwayi wa nsomba, komanso ngozi yathu yagona pomwepo. Munga umodzi wa chambo ungathe kutseka kapaipi. Inu odwazika matenda, sambani m'manja, nimufufuze mnofu wa nsomba ndi zala zanu musanampatse wodwala, ndipo muupondere mu msuzi wambiri. Kampango ndi mlamba n'zosavuta kuchotsa minga. Usipa wouma musinje mu mtondo, muusefe, ufa wakewo muzithira m'phala. Wodwala akadzafika pa nsima, ikhale yofewa, mbamu zazing'ono zoviikidwa bwino mu msuzi. Kondowole amamata, mulekeni. Lekaninso buledi, nyama yolimba, chimanga ndi mtedza wokazinga, ndiponso mango aulusi, ngakhale tikudziwa kuti m'nyengo yake kuwaleka n'kovuta.

Chakudya chikaima, musachite mantha ndipo musachikankhe ndi mbamu ina. Lekani kudya, imirirani, yendani pang'ono, imwani madzi ofunda pang'onopang'ono. Patapita maola angapo osatsika kanthu, pitani ku chipatala.

Amene mwawotchedwa ndi makina, kum'mero kumapweteka kwambiri m'sabata zoyamba mutatsiriza chithandizo, malovu amauma, ndipo ndiwo zimamveka zosakoma. Ululuwo umachepa pakapita sabata zingapo. Musaleke kumeza, pakuti minofu yomezera ikakhala osagwira ntchito imauma. Muzichukucha m'kamwa ndi madzi ofunda othira kamchere pang'ono. Mukaona zoyerayera pa lilime, kaonetseni kwa a dokotala. Ngati ululu ukukuletsani kudya, mankhwala alipo, ngakhale morphine wakumwa. Kafunseni ku chipatala cha boma cha Salima kapena ku Ndi Moyo, kumene amasamalira odwala matenda okhalitsa. Tsabola, fodya ndi kachasu zisiyeni. Tiyi ndi phala ziyambe zapolako. Mu 2016 akatswiri a bungwe la WHO anachenjeza kuti zakumwa zotentha kuposa madigiri 65 zingathe kuyambitsa khansa ya kum'mero.

Thamangirani ku chipatala tsiku lomwelo ngati wodwala akutsokomola kapena kutsamwa nthawi zonse akamamwa, ngati thupi latentha, ngati akusanza magazi kapena kuchita chimbudzi chakuda bii.

Chinanso, wodwala musamupatule kuti azidyera yekha m'nyumba. Khansa sipatsirana pa mbale kapena pa chikho. Iye amachita manyazi ndi kulavula ndiponso kuchedwa kwake, choncho muikireni kachitini ndi kansalu pambali, akhale nanu pa mphasa. Inu mukatsiriza nsima yanu musafulumire kusamba m'manja. Mudikireni, ngakhale kambale ka phala kamutengere theka la ola.